Kashopu ka fotokope komwe ndinagulako zigamulo za makhothi

Mukatsika minibasi pa Ginnery Corner n'kumayenda ngati mukulowera ku Chichiri, mupeza timashopu tingapo ta fotokope tomwe timadalira ana a ku koleji ndi anthu omwe ali ndi milandu ku khothi. Kamodzi mwa timeneti ndi komwe ndikufuna ndikuuzeni. Dzina lake sinditchula, chifukwa pali pena pomwe ndidandaule, ndipo eni ake ndi bambo oti sindingakonde kuti mawa makasitomala awathawe chifukwa cha pakamwa panga. Chomwe chimakasiyanitsa ndi tinzake n'chakuti pa shelefu pali mabuku omangidwa ndi waya wopotapota uja, a chikuto chabuluu, ndipo mkati mwake muli zigamulo za makhothi athu pa nkhani za malamulo aakulu a dziko.

Ine ndine mphunzitsi wa Social Studies pa sekondale ina yoyendera kuno ku Blantyre, ndiponso ndimayang'anira kalabu ya dibeti. Teremu yapitayi tikuphunzira za nthambi zitatu za boma, mnyamata wina wa Folomu 3, wamafunso ngati wapolisi, anakweza mkono. "Madamu, mukuti khothi likhoza kukaniza pulezidenti. Zinalembedwa pati zimenezo?" Ndinamuuza za chisankho cha 2019, za tipeksi, za majaji asanu aja. Iye anati zimenezo anamva kale kwa bambo ake, chomwe akufuna n'kuona ndi maso ake pomwe majajiwo analemba. Anzake anaseka, koma ine thukuta linandituluka, chifukwa zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa zigamulo zomwe sindinazigwirepo m'manja. Zonse ndinkangotola pa wailesi ndi m'nyuzipepala. Mnzanga wophunzitsa History ndiye anandilozera kashopuka.

Mkati mwake mulibe zodabwitsa. Chipinda chimodzi, makina awiri a fotokope, kompyuta imodzi, benchi yokwana anthu atatu ngati palibe wonenepa, ndi fungo la tona lomwe limakutsatirani mpaka m'minibasi. Eni ake ndi bambo achikulire ndithu, a magalasi omangirira chingwe kumbuyo, omwe akuti anataipa makalata zaka zambiri mu ofesi ya maloya asanapume. Pa kompyuta pamakhala mdzukulu wawo wamkazi, mtsikana wosalankhulalankhula, yemwe fulashi yanu saitsegula asanaipime ngati ili ndi mavayirasi.

"Takulandirani amadamu, tikuthandizeni chiyani?"

"Bambo, ndikufuna chigamulo cha mlandu wa chisankho uja."

"Chiti? Cha majaji asanu kapena cha majaji asanu ndi awiri?"

Funso limenelo ndi lomwe linandikhazika pa benchi. Kwina kulikonse akanangotsegula Google n'kupulinta chomwe chabwera pamwamba. Bambowa ankadziwa kuti zigamulo zilipo ziwiri: cha pa 3 Febuluwale 2020, chofafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, chomwe anapereka majaji Healey Potani, Ivy Kamanga, Redson Kapindu, Dingiswayo Madise ndi Michael Tembo ku Lilongwe, ndi cha pa 8 Meyi 2020, cha khothi la Supreme lotsogozedwa ndi Jaji Wamkulu wa nthawiyo Andrew Nyirenda, pomwe a Peter Mutharika ndi bungwe loyendetsa zisankho anachita apilo n'kugonja. Anandiuzanso mosabisa kuti zonsezi zili pa intaneti, pa tsamba la MalawiLII, ndipo aliyense akhoza kuwerenga ulere. "Ife timagulitsa pepala ndi tona basi, chigamulocho ndi cha a Malawi tonse." Ndinawakonda pamenepo. Koma nanunso mukudziwa kuti kuwerenga masamba mazanamazana pa kafoni kosweka galasi, bandulo ikutha, si zoti mwana wa Folomu 3 angachite.

Mtengo wake tsiku limene ndinapitalo unali K100 tsamba limodzi. Chigamulo cha majaji asanu chili ndi masamba pafupifupi 500, ndiye werengerani nokha: K50,000 musanalipire yomangira. Malipiro a mphunzitsi mukuwadziwa. Bambo aja ataona nkhope yanga anaseka n'kunena kuti nditenge cha Supreme chonse, poti n'chachifupiko ndipo ndicho chomaliza, kenako pa cha majaji asanucho andipulintire kumapeto kokha komwe kuli zomwe khothi linalamula. Anatinso akhoza kuika masamba awiri mbali imodzi ya pepala n'kupulinta kuseri ndi kumaso. Zilembo zimachepa, koma maso a ana akadali akuthwa. Ndinavomera, ndipo ndinaonjezerapo buku labuluu limodzi lomangidwa kale. Zonse pamodzi ndinasiya K31,500. Lisiti anandipatsa ndisanapemphe. Ndalama ya pa foni amalandira, koma amakuuzani kuti muonjezere yotapira, zomwe ine sindigwirizana nazo ngakhale kuti masiku ano aliyense akuchita.

Tsiku lomwe majaji asanu ankawerenga chigamulo chawo ndimalikumbuka bwino. Linali Lolemba, misewu ya Blantyre ili zii, mashopu ambiri otseka, aliyense khutu pa wailesi kuyambira m'mawa mpaka mdima utagwa. Ndinkaganiza kuti nkhani yonse ndikuidziwa. Nditakhala pansi ndi pepala m'manja ndinaona kuti chomwe tinatola ambirife ndi tipeksi yekha, pamene nkhani yaikulu inali ina. M'gawo 80 la malamulo aakulu munali mawu oti pulezidenti asankhidwe ndi anthu ochuluka mwa ovota. Chisankho cha 1999 chitatha, a Gwanda Chakuamba anapita ku khothi, ndipo mu 2000 khothi la Supreme linati mawuwo akutanthauza kuti wopambana ndi yemwe waposa anzake, kaya ndi mavoti angati. N'chifukwa chake a Bingu wa Mutharika analowa m'boma mu 2004 ndi mavoti osafika 40 pa 100 aliwonse, a Peter Mutharika chimodzimodzi mu 2014, ndipo mu 2019 analengezedwa opambana ndi 38.57 peresenti, a Lazarus Chakwera ali ndi 35.41, a Saulos Chilima 20.24. Mu 2020 khothi la Supreme lomwelo linabwerera pa mawu ake a zaka makumi awiri zapitazo n'kunena kuti linaphonya, tanthauzo lenileni ndi kupitirira theka la mavoti onse oponyedwa, 50+1 ija yomwe lero ili pakamwa pa aliyense. Ndinawerengera ana ndime imeneyo pang'onopang'ono. Mnyamata wamafunso uja anati, "Ndiye kuti khothi nalonso limalakwitsa?" Ndinati eya, ndipo apa lavomera lokha polemba. Ndinawaonetsanso pomwe majaji a Supreme anakana zoti kalembera wa ovota atsegulidwenso kapena kuti opikisana atsopano alowe, poti chisankho chachibwereza chinali cha omwe anaphwanyiridwa ufulu mu 2019. Chinachitika pa 23 Juni 2020. Pa Africa pano, khothi lina lomwe linali litafafanizapo chisankho cha pulezidenti ndi la ku Kenya, mu 2017.

Pa chigamulo chimenechi ndilibe dandaulo. Chinatuluka choyera, masamba ali m'malo mwake. Mavuto anga ali m'buku labuluu lija.

Loyamba ndi laling'ono koma kwa mphunzitsi si laling'ono. Pachikuto analemba ndi maka kuti ndi zigamulo za Supreme Court, pamene zambiri mwa zomwe zili mkatimo ndi za High Court. Kuno kwathu kulibe khothi lapadera loona za malamulo aakulu ngati lomwe lili ku Johannesburg. Chimachitika n'chakuti Jaji Wamkulu akatsimikiza kuti mlandu ukukhudza kumasulira malamulo aakulu, majaji a High Court osachepera atatu amakhala pamodzi kuumva, ndipo ndi omwe atolankhani amawatchula kuti ConCourt. Wosakhutira amapita ku Supreme. Mwana akasokoneza zimenezi pa mayeso a MSCE malikisi amapita. Nditawauza bambo aja anati akudziwa, kungoti ogula amafunsa kuti "muli ndi za Supreme?" ndiye analemba zomwe anthu amafuna kuona. Sindinakhutire ndi yankholo, ndipo chikutocho sanasinthe mpaka lero.

Komabe kasankhidwe ka milandu m'bukumo n'ka munthu wodziwa. Mlandu womwe unagwira mtima ana anga kuposa wa chisankho ndi wa a Mayeso Gwanda. Ameneyu anali wogulitsa majumbo, ndipo apolisi anamugwira mu Malichi 2015 cha m'ma 4 koloko m'bandakucha akupita ku Limbe kukayamba geni yake. Mlandu wake unali vakabu, gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu ya upandu, lomwe linkati munthu wopezeka pamsewu kapena pafupi ndi nyumba pa nthawi yokayikitsa akhoza kutengedwa ngati ali ndi zolinga zoipa. Lamulolo linabwera ndi atsamunda, ndipo muzu wake ndi lamulo la ku England la 1824. Pa 10 Januwale 2017 majaji atatu a High Court kuno ku Blantyre anati gawolo likusemphana ndi malamulo aakulu, chifukwa limapatsa wapolisi mphamvu yomanga munthu yemwe sanalakwe kalikonse, ndipo omwe amagwidwa nalo ndi osauka oyenda pansi, osati a magalimoto.

Nditamaliza kufotokoza, kalasi yonse inayamba kulankhula nthawi imodzi. Mwa ana angawa ambiri makolo awo amadzuka nkhuku zisanalire. Wina mayi ake amapita kukapikula tomato ku Limbe, wina bambo ake ndi mlonda ndipo amabwerera ku Ndirande wapansi, wina mchimwene wake amakankha wilibala ku msika. Mtsikana wina wamanyazi yemwe chaka chonse sindinamumvepo mawu ananena kuti bambo ake anagonapo m'chitokosi masiku awiri chifukwa cha vakabu iye ali wamng'ono, ndipo mayi ake anagulitsa wailesi kuti akawatulutse. Anapempha kuti abwereke bukulo akawaonetse bambo akewo, ngakhale kuti Chingerezi sawerenga. Ndinamubwereka. Linabwera ndi kadontho ka mafuta ophikira pa tsamba loyamba la mlandu wa Gwanda, ndipo sindinamufunse.

Milandu ina yomwe ilimo ndingoitchula mwachidule. Muli wa Press Trust wa 1997, womwe kunena zoona ndinauwerenga theka n'kugona. Muli wa gawo 65, pomwe a Bingu atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambiri anawatsatira, ndipo mu Juni 2007 khothi la Supreme linati gawo loletsa phungu kuoloka kupita chipani china n'lovomerezeka. Omwe munalipo mukukumbuka kuti bajeti inakanirira miyezi chaka chimenecho, ziletso zili mbwee, mpaka chisankho cha 2009 chinafika aphungu aja akadali pa mipando yawo. Muli wa a Gable Masangano wa 2009, mkaidi yemwe anasumira boma chifukwa cha kuthithikana ndi chakudya chosakwanira m'ndende, ndipo khothi linati kusowa ndalama si chifukwa chozunzira akaidi n'kupereka miyezi 18 yoti kuthithikanako kuchepe ndi theka. Ndende ya Chichiri ili pafupi pomwepo, ndipo kuthithikana kukadali nkhani m'nyuzipepala mpaka pano. Milandu iwiri imeneyi ndinaigwiritsa ntchito pophunzitsa ana kuti kupambana ku khothi ndi kwina, kuti chigamulo chitsatidwe ndi kwinanso. Mulinso wa lokodauni wa 2020, pomwe Jaji Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso pa 17 Epulo, kutatsala tsiku limodzi kuti boma litsekere anthu m'nyumba masiku 21 popanda kunena kuti adya chiyani, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho majaji atatu anati malamulo a lokodauniwo anali osemphana ndi malamulo aakulu.

Tsopano ndifike pomwe panandipweteka. M'bukumo muli milandu iwiri ya chilango chonyonga. Woyamba ndi wa a Francis Kafantayeni wa pa 27 Epulo 2007, pomwe High Court inati si zoona kuti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha azingolamulidwa kunyongedwa jaji asanamve zomwe zinachititsa ndi mbiri ya munthuyo. Chilangocho sichinathetsedwe, chomwe chinatha ndi kukakamiza jaji kuchipereka. Wachiwiri ndi wa a Charles Khoviwa, wa khothi la Supreme, wa pa 28 Epulo 2021, ndipo mmenemo munalembedwa kuti chilango chonyonga pachokha n'chosemphana ndi ufulu wokhala ndi moyo. Ndinauwerenga, ndinadula mizere ndi bolopeni yofiira, ndinakonzekeretsa ana anga. Tinali ndi mpikisano wa dibeti ndi sukulu ina ya kuno komweku, mutu wake woti Malawi athetse chilango chonyonga, ife tili mbali yovomereza.

Wolankhula wathu woyamba, mtsikana wolimba mtima wa Folomu 4, anaimirira n'kunena mokweza kuti mtsutsowu ndi wongotaya nthawi chifukwa khothi lalikulu kwambiri m'dziko muno linathetsa kale chilangochi pa 28 Epulo 2021. Ananyamula buku labuluu lija m'mwamba. Anzake anaomba m'manja, ine ndili kumbuyo ndikumwetulira ngati ndawina kale. Ndiye anaimirira mnyamata wa mbali inayo, wamfupi, wa tayi yofika pamchombo, ali ndi mapepala ake atatu okha. Anati mlongo wathuyu wawerenga chigamulo cha mu Epulo koma sanawerenge cha mu Ogasiti. Mu Ogasiti 2021 khothi lomwelo linatulutsa chigamulo chokonzedwanso, momwe majaji enawo ananena kuti zomwe analemba Jaji Dunstain Mwaungulu zothetsa chilangocho sanagwirizane nazo, poti funso lomwe linali patsogolo pawo linali loti a Khoviwa apatsidwe mwayi womvedwanso pa za chilango chawo, osati loti chilango chonyonga chithe. Anaonjezera kuti gawo 16 la malamulo aakulu, lomwe limapereka ufulu wokhala ndi moyo, limanenanso lokha kuti kunyonga munthu yemwe khothi loyenera lamulamula kutero si kumulanda moyo mopanda chilungamo. Anamaliza ndi kunena kuti n'zoona kuti kuyambira 1992 palibe yemwe wanyongedwa, koma lamulolo lilipobe.

Mtsikana wanga anatembenuka kundiyang'ana. Ndinayang'ana pansi. Tinaluza, ndipo m'minibasi pobwerera palibe analankhula mpaka pa Kamba.

Mlandu wa zimenezi ndiugawa pawiri. Theka ndi langa. Nkhani ya mu Ogasiti ija inatuluka m'nyuzipepala nthawi yake, ndipo mphunzitsi wa Social Studies amayenera kuidziwa. Ndinakhulupirira pepala chifukwa linali lomangidwa bwino, lili ndi chidindo cha khothi pamwamba, osafunsa wina aliyense. Safunsa anadya phula. Koma theka linalo ndi la kashopuka. Ngati mukugulitsa buku lomwe mwasankha nokha milandu yoikamo, ndiye kuti mwadzipatsa udindo woposa wa wopulinta wamba. Mukuuza wogula kuti izi ndiye zilipo. Pa shelefu paja panali mabuku ena asanu ndi limodzi ofanana ndi langa, ndipo ogula ake ambiri ndi ana a sukulu omwe akawalemba pa mayeso.

Loweruka lotsatira ndinabwererako nditakwiya ndithu, mawu nditawakonza kale m'minibasi.

"Bambo, buku lanu landichititsa manyazi pamaso pa ana."

"Pepani amadamu, takhalani pansi kaye. Pasowa tsamba?"

Nditawafotokozera anavula magalasi aja n'kukhala chete kanthawi. Kenako anauza mdzukulu wawo kuti afufuze. Mtsikanayo sanatenge mphindi khumi, anachipeza. Bambo aja anawerenga pa kompyuta ataimirira, chala chili pa galasi, kenako anati, "Ndalakwa ine. Bukuli ndinalisonkhanitsa mwezi wa Meyi chaka chimenecho ndipo sindinabwererenso kukaona." Sanayambe zoti nanunso mukanaona, kapena zoti katundu wogulidwa sabwezedwa. Anandipulintira chigamulo cha mu Ogasiti ulere, anamasula waya wa buku langa n'kuchilowetsa pamalo pake, kenako ine ndikuona anatsitsa mabuku asanu ndi limodzi aja pa shelefu n'kuwaika pansi pa tebulo kuti asagulitsidwe mpaka atawakonza. Anatinso pali ana awiri a ku koleji omwe anagula mwezi watha ndipo manambala awo ali nawo, awaimbira. Ngati anawaimbiradi ine sindinakhalepo, koma nditadutsanso patapita masabata awiri mabuku aja anali atabwerera pa shelefu ali okhuthalako, ndipo mkati mwa chikuto anamatamo kapepala kosonyeza tsiku lomwe bukulo linasonkhanitsidwa. Kapepala kameneko ndiye kanandibwezera chikhulupiriro, kuposa pepani uja.

Tili pomwepo ndinawapempha chigamulo china chomwe m'bukumo mulibe, cha Jaji Zione Ntaba cha ku Zomba cha mu Meyi 2023, cholamula kuti ana a chi Rasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo la madiredi. Kwa ife aphunzitsi chimenechi ndiye chimatikhudza tsiku ndi tsiku kuposa cha chisankho, chifukwa mwanayo amafika pa geti pathu. Anachipeza, ndipo anati achiika m'mabuku otsatira. Ali ndi buku lachiwirinso la milandu ya kunja, momwe muli wa Marbury ndi Madison wa ku America wa 1803, womwe unakhazikitsa zoti khothi likhoza kukana lamulo losemphana ndi malamulo aakulu, ndi wa Makwanyane wa ku South Africa wa 1995 womwe unathetsadi chilango chonyonga kumeneko. Sindinagule, ndalama inali itatha, koma si la chabe, poti gawo 11 la malamulo athu limalola majaji kuyang'ana zomwe makhothi a maiko ena anagamula pa nkhani zofanana. Kwa ana a sekondale ndikuona kuti gawo 5 lathu lomwe likukwanira, lija limati lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chosemphana ndi malamulo aakulu n'chopanda mphamvu.

Chinthu chomwe kashopuka sikangakuthandizeni ndi chilankhulo. Zonse zili m'Chingerezi, ndipo si Chingerezi cha m'kalasi, ndi chija cha ziganizo zotalika theka la tsamba ndi timawu ta Chilatini apo ndi apo. Mlandu wa Gwanda ndinachita kukhala nawo mausiku atatu ndikuumasulira m'kope langa kuti ana amve. Ndinawafunsa bambo aja ngati sangamaike katsamba kamodzi ka Chichewa kutsogolo kwa mlandu uliwonse kofotokoza kuti anasuma ndani, ankadandaula chiyani, khothi linati chiyani. Anakana. "Ine si loya amadamu. Kutaipa ndimatha, koma ndikalemba zanga munthu n'kupita nazo kupolisi, zikakamuvuta adzabwera kwa ine." Pambuyo pa zomwe zinandichitikira ndi mlandu wa Khoviwa sindikanawatsutsa. Komabe zimandiwawa kuti wogulitsa majumbo anagwetsa lamulo la atsamunda, koma anzake ogulitsa majumbo sangawerenge momwe analigwetsera. Agogo anga ankakamba za mlandu wa a Orton ndi a Vera Chirwa, omwe mu 1983 analamulidwa kunyongedwa ndi khothi la mafumu ku Soche konkuno popanda loya owaimira, ndipo ankati masiku amenewo ngakhale kufunsa kuti agamula bwanji kunali kudziputira. Lero chigamulo ukuchigula pa fotokope ngati fomu yofunsira ntchito, chatsala n'choti chilankhule chilankhulo chathu.

Pa kamangidwe ndi kapulintidwe, ndinene zomwe ndinaona. Buku labuluu lija masamba khumi ndi angapo a pakati anatuluka otuwa, tona inali ikutha, ndipo mlandu wa Masangano pena umafuna kuuyandikitsa pa windo. Mabowo a waya anadya manambala a ndime m'masamba ena, zomwe zimavutitsa ukafuna kuuza mwana kuti tsegula ndime yakuti. Mulibe tsamba losonyeza kuti mlandu wakuti uli pati, ndinachita kumata timapepala tachikasu ndekha. Waya wake ndi wolimba, buku ladutsa m'manja mwa ana oposa makumi anayi koma silinamasuke. Chomwe anandipulintira pomwepo ine ndikudikira chinatuluka bwino kuposa chomangidwa kale, ndiye ngati muli ndi nthawi ndi bwino kusankha milandu yanu n'kuwauza apulinte yatsopano, muwauzenso asiye mpata waukulu kumanzere kuti waya usadye zilembo.

Nthawi ndiye muipatule. Ulendo woyamba ndinafika cha m'ma 2 koloko masana, ana a ku koleji ali pamzere ndi ma asayimenti awo, kenako magetsi anazima. Kajenereta kawo kamakoka makina amodzi okha, ndiye ndinatuluka 4 koloko itadutsa, nsana ukuwawa ndi benchi ija. Ulendo wachiwiri ndinafika 8 koloko m'mawa ndipo munalibe munthu. Loweruka amatseka 12 koloko, Lamulungu satsegula. Musanalipire funsani tsiku lomwe bukulo linasonkhanitsidwa, ndipo pa mlandu uliwonse womwe mukufuna kukaimirira nawo pagulu, muuzeni mtsikana wa pa kompyutayo aone ngati panatuluka china pambuyo pake. Salipiritsa kufufuzako.

Buku langa pano lili ndi mnyamata wamafunso uja. Akuti akufuna aone ngati gawo 65 likugwirabe ntchito pa aphungu oima paokha, ndipo walonjeza kubweza Lolemba.